Malemu a Nazimbiri Ogulitsa Nsinjiro

Mu Ufumu wa Zilibwino, kumene nkhani zoipa zinaletsedwa kalekale chifukwa zimachedwetsa chitukuko, a Nazimbiri anamwalira Lachiwiri lina m'mawa ali pa benchi yawo pamsika wa Palibechenje, akuyeza nsinjiro. Sanadwale, sanagwe, ngakhale mutu sunawapweteke. Uthenga wa imfa yawo anabwera nawo ndi mwana wawo yemwe.

Koma tiyambire kunyumba yachifumu, pakuti m'Zilibwino chilichonse chogwera munthu pamsika chimachokera kumeneko. Mfumu Ndanenandanena Wachitatu inadzuka tsiku lina ili ndi chisoni chachikulu. Inali italota anthu osauka, mtundu wa anthu umene inali isanauonepo ndi maso, ndipo malotowo anaikhudza mpaka inalephera kumaliza chiwindi chake cha m'mawa. Inaitanitsa nduna zonse n'kulamula kuti kuyambira chisankho chikubweracho, aliyense wofuna kukhala phungu m'Nyumba ya Inde-Inde akhale munthu wodziwa mavuto. Nyumba imeneyi ndi kumene aphungu amakhala pa mipando yofewa n'kumavomereza zimene mfumu yanena kale.

Nduna zinakadzitsekera m'nyumba ya alendo yapamwamba kukafufuza kuti mavuto amaoneka bwanji. Zinadya, zinagona, zinadyanso, kenako zinatuluka ndi yankho. Njala munthu angathe kunamizira, sanza angathe kubwereka, koma umasiye ndiwo umboni wosatsutsika. Lamulo linalengezedwa m'misika monse kuti woimira pa chisankho akhale wopanda bambo, wopanda mayi, ndipo wonamiza mfumu pa nkhaniyi adzapita ku Sudzabwera kukaphwanya miyala moyo wake wonse.

Sabata imeneyo makolo anatha m'dziko ngati nkhuku pa nthawi ya chitopa. Omanga ziliza anagula njinga zamoto, pamene okumba manda anangokhala pakhonde ndi makasu awo, kudabwa kuti maliro onsewa akulowera kuti.

Lusiyano Kamphulusa, mwana mmodzi yekhayo wa a Nazimbiri, anali munthu wa mbiri pa zisankho. Anayamba ndi kugulitsa mankhwala a makoswe m'mabasi, kenako anadzikweza yekha n'kukhala wolengeza pa maukwati. Atazindikira kuti anthu amamvera chilichonse chotuluka pa chimkuzamawu, anaona kuti dera la Tidzaona likumusowa. Ulendo woyamba anaimira Chipani cha Mphika, n'kupeza mavoti ochepa kwambiri moti onse omuvotera anawathokoza mmodzimmodzi tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke. Ulendo wachiwiri anathawira ku Chipani cha Chivundikiro, chimene chinagalukira Mphika, ndipo anafikako sabata imene Chivundikirocho chinabwerera pa Mphika n'kumusiya panja. Ulendo wachitatu anaima payekha, n'kugonja kwa mkulu wina amene anali atatsikira kale kuli chete chisankho chisanachitike. Anthu a ku Tidzaona ankati mkuluyo chimwalirireni sanawanamizepo.

Pa maulendo onsewa voti ya a Nazimbiri inali ya mwana wawo. Ankamukonda mwanayu mopanda nzeru. Anamulera ndi mtondo ndi munsi, kusinja mtedza mpaka zikhatho zinachita zipsera, kuti iye aphunzire ndi kudya bwino. Koma chiyambireni ndale, Lusiyano anasiya kuponda pamsika, chifukwa mayi wonunkhira mtedza sagwirizana ndi taye. A Nazimbiri sankafuna galimoto kapena nyumba yamagetsi. Chimene ankalakalaka chinali chimodzi basi, kuti tsiku lina mwana wawo adzaime pa nsanja anthu atadzaza, adzawaloze ndi dzanja n'kunena kuti, "Awa ndi amayi anga."

Ndiye Lachiwiri lija galimoto yobwereka itaima pafupi ndi benchi, anasangalala mpaka anataya mbale ya nsinjiro. Lusiyano anatuluka limodzi ndi a Mlongoti, woyendetsa kampeni yake, bambo wamtali amene ankamwetulira ndi mano okha.

"Lusi, mwana wanga! Waonda bwanji chonchi? Ukumadya koma?"

"Amayi, tsitsani mawu," anatero Lusiyano akuyang'ana uku ndi uku. "Ndabwera ndi pempho. Lamulo latsopano lija mwalimva. Abambo anachita kale mbali yawo."

Bambo ake a Lusiyano anali atamwaliradi kalekale, mwa iwo okha, popanda kupemphedwa.

"Tsono?"

"Tsono kwatsala inuyo."

A Nazimbiri anagwira pakamwa. A Mlongoti anawerama pang'ono n'kulowererapo. "Musadandaule mayi. Si kumwalira kwenikweni ayi, n'kumwalira kwa boma. Muzigulitsabe nsinjiro zanu, muzidya, muzipita kutchalitchi. Kungoti mwana wanuyu akamadutsa musamamuitane."

"Nanga panopa ndimamuitana? Amadutsa kuti?"

Lusiyano anayang'ana nsapato zake. "Amayi, ndagwa katatu. Ndikagwanso ulendo uno, ndiye kuti ndatha. Ndithandizeni. Ndikangolowa m'Nyumba muja ndidzakudzutsani ndekha, pagulu, pa nsanja."

Mawu oti pa nsanja ndiwo anawapha a Nazimbiri. Anatola mbale yawo, anaipukuta ndi chitenje, n'kufunsa kuti, "Chabwino. Ndafa ndi chiyani?"

"Umphawi," anayankha a Mlongoti.

Pofika m'mawa mwake msika wonse unali utamva, ndipo anthu a pa Palibechenje, amene anaona zambiri m'moyo, analandira nkhaniyi mwaulemu wake.

"Mwadzuka bwanji malemu?" anatero a Nangozo, a pa benchi yoyandikana, amene ankagulitsa matimati. Awiriwa anakalambira limodzi pamsikapo, akubwerekana mbale ndi miseche.

"Ndadzuka, kaya inu amoyo?"

"Ife ndiye tikuvutika asisi. Inu mwapuma."

Ogula anayamba kupempha basela wochuluka ponena kuti kumene kuli malemuko katundu sakwera mtengo. Wokhometsa msonkho wa pamsika yekha ndi amene anakanitsitsa kukhulupirira za imfayi, ndipo ankafika pa benchi m'mawa uliwonse monga kale.

A Mlongoti analamula kuti chiliza chimangidwe pamphambano ya pamsika, osati kumanda, ati chifukwa kumanda kulibe ovota. A Nangozo anati bamboyu akuoneka kuti ndi mlendo pa ndale za m'Zilibwino, pakuti ovota okhulupirika amachokera kumanda komweko. Komabe chiliza chinamangidwa, cha miyala yonyezimira, chokongola kuposa nyumba ya mwini wake. Pa tsiku lochivundukula a Nazimbiri anatendera okha ndiwo za alendo. Sakanalola kuti anthu adye chisoso chosatendera bwino pa chiliza chawo n'kumakawanena m'makomo.

Lusiyano anakwera nsanja atavala zakuda, misozi ili kale m'maso. Maukwati anamuphunzitsa ntchito mnyamatayu.

"Abale anga a ku Tidzaona! Amene waima pamaso panuyu ndi mwana wamasiye! Ndinabadwira m'khola la mbuzi, mvula ikugwa, mbuzi zikundiponda. Malaya ndinali nawo amodzi, ndipo tinkavala mosinthana ndi chidole choopsezera mbalame m'munda mwa eni ake. Nsapato ndinazidziwa ndili kale ndi ndevu!"

A Nazimbiri anangodzipeza ataimirira, chipande chili m'manja. Nsapato? Mwana amene ankamugulira nsapato chaka ndi chaka, wonenepa mpaka aphunzitsi anamupatsa desiki yakeyake? Kufa anavomera, koma zoti mwana wawo ankaponda minga iwo alipo, zimenezo zinawawawa kuposa imfa.

A Nangozo anawakoka chitenje. "Khalani pansi asisi. Malemu saimirira pamsonkhano."

Anakhala pansi, ndipo mwana wawo anafika pa mfundo zake.

"Mukandisankha, mitengo ya zinthu idzakwera kwa ogulitsa n'kutsika kwa ogula, tsiku lomwelo, pa benchi yomweyo! Za njala ndaziganizira mofatsa. Chakudya cha masana tidzachisunthira madzulo kuti chizikumana ndi chinzake, banja lizidya kamodzi koma mwamphamvu. Chipatala chathu chilibe mankhwala, ndikudziwa. Ndidzamangako khonde lalitali kuti muzidikira mumthunzi. Pa nkhani ya mvula, ine ndili mbali ya mvula, koma dzuwa nalonso ndi lathu lomwe, sitingalitaye."

"Nanga msewu?" anafuula bambo wina wa kabaza.

"Msewu ndaumva kulira kwake. Tidzakhala pansi ndi maenje onse, timve mbali yawo."

Anthu anaomba m'manja, ena chifukwa cha mfundozo, ambiri chifukwa anaona mbale zikuyamba kutuluka.

Zonse zikanayenda bwino pakanapanda a Joswa Kaphwiti, amene ankapikisana ndi Lusiyano. Bamboyu anali wamasiye weniweni, mwina yekhayo mwa onse oimira m'dziko lonse, koma anali wonenepa ndi wansangala, ndipo analibe chiliza choonetsa chifukwa makolo ake anagona kalekale pansi pa mitumbira wamba. Palibe ankamukhulupirira. Zinamupweteka kwambiri, ndipo anakasuma kubwalo la mfumu kuti mayi ake a Kamphulusa ali moyo, iye mwini wagulako nsinjiro. Asilikali anabwera pamsika n'kuwakweza a Nazimbiri m'galimoto kupita nawo ku Kwaeniake, likulu la ufumu, ngati umboni.

Bwalo linadzaza. Kutsogolo kunakhala woweruza wamkulu, a Mbalizonse, ndipo kumbuyo kwawo, pa mpando wautali, mfumu inali kuwodzera m'malo mwa dziko lonse.

"Mayi, bwalo likufuna kudziwa chinthu chimodzi," anatero a Mbalizonse. "Kodi muli moyo?"

A Nazimbiri anayang'ana mwana wawo. Thukuta linali kamukamu, taye itapotokera kumbali, milomo ikunjenjemera monga ankachitira ali wamng'ono akaswa mbale. Anaganiza za ku Sudzabwera ndi manja ake ofewa aja amene sanagwirepo ngakhale khasu. Anadziwa kuti akanena zoona atenga dzina lawo n'kutaya mwana. Anachita mantha, ndipo anakwiya nayenso mwanayo chifukwa chowaimika pamalo otere. Komabe anayankha.

"Ndinamwalira, bwana."

A Kaphwiti analumpha. "Koma akulankhulatu! Aima pomwepo! Akupuma!"

"Bambo Kaphwiti," anatero woweruza mofatsa, "inu munalipo pamene mayiwa ankamwalira?"

"Ayi bwana, chifukwa sana..."

"Iwo analipo. Ndiye bwalo limvere ndani, mwini wake wa imfa kapena munthu wongodutsa kudzagula nsinjiro?"

"Koma wakufa salankhula, bwana!"

"M'Zilibwino muno akufa amavota, amalandira malipiro m'maofesi a boma, ndipo ena anakwezedwa pa ntchito chaka chathachi. Inu mukufuna tiwalande ufulu wolankhula wokha? Bwalo lino sililola tsankho."

Phokosolo linadzutsa mfumu. Itamva kuti nkhani ndi ya mayi wosauka amene anamwalira, inakumbuka maloto ake aja n'kugwetsa msozi. "Ndanena," inatero. "Mayiyu anamwalira, ndipo anamwalira bwino." Alembi anadinda chidindo chachifumu pa mawuwo. A Kaphwiti analamulidwa kupepesa kwa wofedwa, kenako kwa malemu, ndipo malemuwo anawakhululukira chifukwa anali kasitomala wabwino.

Panja atolankhani anamuunjirira Lusiyano. Anadutsa pafupi ndi amayi ake akufotokoza za ululu wa umasiye, osacheuka n'komwe. A Nazimbiri anabwerera kwawo pa lole ya makala.

Pa tsiku lovota anavala bwino n'kukaima pamzere, koma atafika kutsogolo kalaliki anawauza mwaulemu kuti avota kale. "Malemu amavota m'mamawa, amayi, sakonda mzere." Atafunsa kuti avotera ndani, anamva kuti avotera mwana wawo, ndipo anabwerera osadandaula. Lusiyano anapambana ndi mavoti ambiri kuposa anthu a m'deralo.

Ku Nyumba ya Inde-Inde anagwira ntchito mokhulupirika. Anavomereza lamulo loletsa fumbi, anavomereza lamulo lobweza fumbilo mvula itachedwa, ndipo analankhulapo kamodzi, kupempha kuti atseke zenera. Chaka chilichonse ankabwera pa Palibechenje ndi mdipiti wa galimoto kudzaika nkhata pa chiliza. Ankagwada atafulatira benchi ya nsinjiro n'kulira mokweza kuti, "Amayi, munandisiyiranji?" A Nazimbiri ankangoyang'ana nkhongo ya mwana wawo, ndipo dazi lake analiona likukula kuchokera kumbuyo. Akafunsa za kudzutsidwa kuja, a Mlongoti ankati nthawi sinakwane, boma likuunikabe.

Chisankho china chitayandikira, mfumu inapita kukayendera Nyumba ija n'kupeza kuti ana amasiye adya zonse. Anadya ndalama za milatho, anadya za mankhwala, makatani a m'mazenera anapita nawo kwawo, ndipo mpando wa mfumu yomwe unapezeka ukubwerekedwa pa maukwati. Mfumu inapsa mtima koopsa. "Ndaona vuto," inatero. "Anthu awa analibe owalera." Lamulo latsopano linatuluka tsiku lomwelo, loti aliyense woimira abwere ndi mayi ake amoyo, ndipo mayiyo azikakhala kumbuyo kwake m'Nyumba muja ndi mthiko m'manja.

Dziko lonse linasanduka tsiku lachiukitso. Azimayi anatuluka m'makhitchini ndi m'minda momwe anabisidwa, ana awo akuwakumbatira pamaso pa makamera n'kumathokoza madokotala. Omanga ziliza anayamba ntchito yogumula, n'kugulanso njinga zina.

A Nazimbiri sanagwire munsi sabata imeneyo. Anagula chitenje chatsopano, anakalukitsa tsitsi, ndipo ankayeserera pagalasi mmene adzaimire pa nsanja, kuti asaoneke onyada koma asaonekenso amanyazi. Anasangalala ngati mtsikana. Msika wonse unasangalala nawo, ndipo a Nangozo anati akadzuka asaiwale anzawo amene anawasunga ali maliro.

Galimoto zinabweradi, zambiri, ndi oimba ndi atolankhani. Yoyamba inachepetsa liwiro pa benchi ya nsinjiro. A Nazimbiri anaimirira n'kukonza chitenje. Galimotoyo inapitirira pang'ono n'kukaima pa matimati.

A Mlongoti anatsika n'kubwera kwa iwo ndi mano awo aja. "Mayi, pali kavuto pang'ono. Amayi a anzathuwa anamwalira pakamwa chabe, n'chifukwa chake akudzuka mosavuta. Inu munamwalira kubwalo, pamaso pa mfumu, ndi chidindo. Zimene mfumu yanena sizinenedwanso. Tikakudzutsani ndiye kuti mfumu inalakwitsa, ndipo mwana wanu apita ku Sudzabwera mawa lomwe."

"Ndiye mwana wanga akaima ndi ndani?"

"Kafukufuku wathu wapeza kuti malemu aja anali omulera chabe. Mayi ake omubereka tawapeza. Tinafuna munthu wodziwika pamsika pano, wa msinkhu wabwino, amene amamudziwa kuyambira ali wakhanda."

Asanamalize, chimkuzamawu chinalira. Lusiyano anali atagwada m'fumbi pamaso pa a Nangozo, amene anaima kakasi, tomato ali m'manja. Anawagwira dzanja, anawakweza pa nsanja imene anyamata anali atakhoma kale, n'kuwaloza pamaso pa khamu lonse.

"Abale anga a ku Tidzaona! Awa ndi amayi anga!"

Anthu anaomba m'manja, koma a pamsika manja awo anali olemera. A Nazimbiri anakhala pansi pang'onopang'ono. Wina anabwera kudzagula nsinjiro, anawayang'ana nkhope, n'kubwerera osagula.

Dzuwa litapendeka, galimoto zitapita, a Nangozo anabwera pa benchi atavala duku latsopano limene anawaveka pa nsanja. Anaima kanthawi ngati mlendo.

"Asisi."

"Kuno n'kumanda. Amoyo mukufuna chiyani?"

"Sanandifunse, asisi. Ndangoona munthu wagwada. Ndikanakana pagulu paja, asilikali analipo, mwana wanu akanamutenga pomwepo."

"Mwana wanga? Ine ndinali womulera chabe. Simunamve kafukufuku?"

A Nangozo anakhala pansi pa thumba la mtedza n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni kumene pamsikapo anthu anali ataiwala kamvekedwe kake. "Mawa akunditenga kupita ku Kwaeniake. Akuti ndizikakhala kumbuyo kwake ndi mthiko. Atolankhani akandifunsa za ubwana wake. Ine ndikanena chiyani? Ndimadziwa matimati ine."

A Nazimbiri anawayang'ana. Anafuna kuwatukwana, ndipo mawu ake anali okonzeka pa lilime, abwino, okhwima, osungidwa zaka zonse zija. Koma anaona kuti mayiyu ndi amene azikhala pafupi ndi Lusi tsiku ndi tsiku, kumuona akudya, kumumva akutsokomola. Anavula chitenje chatsopano chija, anachipinda bwinobwino, n'kuchiika pa miyendo ya mnzawo.

"Mukavale ichi. Chanucho chili ndi madontho a tomato, angamuseke mwana."

"Asisi..."

"Tamverani. Mazira asamadye, amamutulutsa zidzolo, ngakhale iye amakana. Akayamba kukanda khutu, dziwani kuti akunama, ndipo mthikowo musaumvere chisoni. Mumenyeni ndithu, ine ndinachedwa nazo." Anaima pang'ono n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Koma mukamamumenya, kapena mukamamukumbatira pa nsanja paja, musamugwire phewa lamanzere. Anagwa mumtengo wa mango ali mwana. Mpaka lero limamupweteka, kungoti sanena."